Mankhwala alowa m'thupi, koma kodi afika?

Ambiri mwa ife tinakhalapo pambali pa bedi la m'bale kuchipatala, maso ali pa botolo la diripi. Madzi amadontha pang'onopang'ono, botolo n'kutha, namwino n'kubwera kudzalichotsa ndi kulemba m'faelo kuti wodwala walandira mankhwala. Ifenso tikatuluka panja timaimba foni kumudzi n'kunena kuti, "Awapatsa mankhwala, tsopano tingodikira." Palibe amene amafunsa kumene mankhwalawo apita atalowa mumtsempha. Timangoganiza kuti poti alowa, ndiye kuti afika pamene pali matenda.

Pa matenda ambiri kuganiza chonchi sikulakwika kwenikweni. Koma pa khansa ya m'mawere, makamaka pa gulu la mankhwala amakono otchedwa ma antibody, ofufuza apeza kuti mankhwala angathe kuzungulira m'magazi onse koma osafika pa maselo ambiri a mkati mwa chotupa. Anadziwa zimenezi chifukwa anaphunzira kumata utoto wowala pa mankhwalawo n'kuwatsatira ndi kamera, monga mmene munthu amatsatira nyali ya njinga ikamayenda mumdima. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Mankhwala amene akadali m'botolo, ngakhale amene akuyenda m'magazi, ndi fodya wa pachala.

Maganizo athu ndi akuti kafukufuku ameneyu tiyenera kumudziwa ndi kumuikira kumbuyo, ngakhale akuchitikira ku Ulaya ndi ku America, ndipo ngakhale mbali yaikulu ya ntchitoyo ikuchitikabe pa mbewa za m'labotale. Bungwe la WHO linati mu 2022 amayi pafupifupi 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansa ya m'mawere padziko lonse, ndipo pafupifupi 670,000 anamwalira nayo. Pa nthenda yotere, kudziwa ngati mankhwala afikadi pa chotupa ndi nkhani ya moyo wa mayi, komanso ya chuma cha banja lake. Tikutinso kafukufukuyu tisamutamande mopitirira muyeso, chifukwa ali ndi malire ake amene tiwatchule.

Mankhwala odziwa khomo

Thupi lathu limapanga lokha ma antibody. Ndi timapuloteni tooneka ngati chilembo cha Y timene timayandama m'magazi, ndipo kalikonse kamadziwa kugwira chinthu chimodzi chokha, monga kiyi amene amatsegula loko mmodzi. Tinakumana nawo kale osadziwa. Kachipangizo koyezera malungo, kamene amadonthezerapo magazi a pachala, kali ndi ma antibody amene amagwira puloteni ya tizilombo ta malungo, ndipo n'chifukwa chake mzere uja umaoneka. Mu 1975, ku Cambridge, Georges Köhler ndi César Milstein anapeza njira yopangira m'labotale ma antibody a mtundu umodzi ochuluka zedi. Ntchitoyi inawapatsa mphoto ya Nobel mu 1984, ndipo inatsegula njira yoti ma antibody asanduke mankhwala.

Kuti antibody akhale mankhwala a khansa, pamafunika khomo loti akagogode. Mu 1987 Dennis Slamon wa ku yunivesite ya California ku Los Angeles, pamodzi ndi anzake, anayeza zotupa za m'mawere 189. Anapeza kuti amayi amene zotupa zawo zinali ndi jini ya HER2 yochulukitsa ankabwereredwa ndi khansa msanga, ndipo ankamwalira msanga. Jiniyi imapanga puloteni, yotchedwanso HER2, imene imakhala pamwamba pa selo n'kumalandira uthenga wouza selolo kuti ligawikane. Ikachuluka, selo limangogawikana osapuma. Lero zikudziwika kuti pa zotupa za khansa ya m'mawere 100 zilizonse, 15 mpaka 20 ndi za mtundu umenewu.

Kampani ya Genentech inapanga antibody wogwira HER2, dzina lake trastuzumab, amene amagulitsidwa ndi dzina loti Herceptin. Bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linamuvomereza mu 1998, ndipo khansa imene inali m'gulu la zoopsa kwambiri inasanduka imodzi mwa zochizika bwino. Kenako asayansi anayamba kumangirira poizoni wopha maselo pa antibody yemweyo, kuti poizoniyo akatulire pakhomo loyenera m'malo movulaza thupi lonse. Mankhwala oterewa ndi monga T-DM1, amene anavomerezedwa mu 2013, ndi trastuzumab deruxtecan, amene anavomerezedwa mu 2019.

Zonsezi zikumveka ngati mtengatenga amene sasochera. Komabe madokotala amadziwa kuti pali amayi amene chotupa chawo chili ndi HER2 yambiri, amalandira trastuzumab mokwanira, koma chotupacho sichichepa, kapena chimachepa kwa kanthawi n'kuyambiranso. Zifukwa zilipo zingapo. Nthawi zina maselo a khansa amasintha n'kupeza njira ina yogawikirana. Koma nthawi zinanso vuto limakhala la ulendo chabe: mankhwala sanafike.

Zotchinga panjira

Antibody ndi katundu wolemera. Molekyulu imodzi ya asipirini imalemera ma dalton 180, pamene antibody amalemera pafupifupi ma dalton 150,000, kuwirikiza koposa ka 800. Kanthu kakang'ono kamadutsa mosavuta m'zipupa za mitsempha ya magazi n'kulowerera m'minofu. Chinthu chachikulu chimayenda pang'onopang'ono, ndipo gawo laling'ono kwambiri la mankhwala amene alowa pa diripi ndi limene limakathera m'chotupa.

Nacho chotupa si malo oyendamo bwino. Mitsempha yake ndi yokhotakhota ndi yodontha, ina yotsekeka, ndipo mbali zina za chotupa zili kutali ndi mtsempha uliwonse. Madzi amadzazana mkati mwake moti amakankhira kunja, choncho mankhwala amayenda ngati munthu wopalasa bwato molimbana ndi mtsinje. Rakesh Jain, amene tsopano ali ku Harvard, wakhala akufotokoza zimenezi kuyambira m'zaka za m'ma 1980.

Chotchinga china n'chodabwitsa, chifukwa chimachokera ku ubwino wa mankhwala omwewo. Antibody wogwira mwamphamvu akangotuluka mumtsempha amakakamira pa selo loyamba limene wakumana nalo, ndipo sapitanso patsogolo. Amene analimapo dimba lothirira ndi ngalande akudziwa zimenezi. Madzi akachepa, mabedi oyandikana ndi ngalande amamwa onse, ndipo a kumapeto amafota ngakhale mlimi watsegula madzi pa nthawi yake. Cha mu 1990, gulu la John Weinstein ku National Cancer Institute ku America linasonyeza ndi masamu kuti zoterezi ziyenera kuchitika m'zotupa. Chinatsala chinali kuziona ndi maso.

Kuwala kumene kunayambira pa kwinini

Njira yoonera inachokera ku mankhwala amene agogo athu amawadziwa bwino. Mu 1845 John Herschel anaona kuti madzi osungunuliramo kwinini, amene alibe mtundu uliwonse, amaonetsa kuwala kobiriwira ngati thambo akawombedwa ndi dzuwa. Mu 1852 George Stokes wa ku Cambridge anafotokoza chimene chimachitika: chinthucho chimameza kuwala kwa mtundu wina n'kutulutsa kuwala kwa mtundu wina, kwa mphamvu yocheperapo. Iye ndiye anapereka dzina loti fluorescence. N'zosiyana ndi chiphaniphani, chimene chimapanga chokha kuwala kwake. Utoto wa fluorescence suwala mumdima pokhapokha wina auunike. Timaziona kubanki akamaunika ndalama yapepala pansi pa nyali yofiirira ija kuti adziwe ngati ili yeniyeni.

Mu 1941 Albert Coons wa ku Harvard anamata utoto wotere pa antibody, kuti kulikonse kumene antibody wagwira kuziwala pa maikulosikopu. Kuyambira pamenepo njirayi yafalikira m'malabotale a dziko lonse. Kuno kwathu, ogwira ntchito m'malabotale ambiri oyeza chifuwa chachikulu amapaka makhololo utoto wa auramine n'kuona tizilombo tikuwala pa maikulosikopu ya nyali ya LED. Choncho kuona matenda ndi utoto wowala si zachilendo ku Malawi.

Vuto limabwera munthu akafuna kuona mkati mwa thupi lamoyo. Khungu ndi magazi zimameza kuwala kobiriwira, ndipo minofu payokha imawala pang'ono n'kusokoneza chithunzi. Koma yesani kuphimba tochi ndi chikhatho usiku: kuwala kofiira kokha ndi kumene kumadutsa pa zala. Kuseri kwa kufiira kuli kuwala kwina kumene maso athu saona, kotchedwa near-infrared, kwa mafunde otalika ma nanomita 700 mpaka 900. Kumeneku kumalowa m'minofu kuposa kuwala kwina konse kooneka. Ofufuza amagwiritsa ntchito utoto wowala m'dera limeneli, monga wotchedwa IRDye 800CW, ndi makamera otha kuona kuwala kumeneko. Amamata utotowo pa antibody, kumubaya mumtsempha, kudikira maola kapena masiku angapo, kenako n'kuunika.

Zimene kamera inaonetsa

Mu 2008 gulu la Andrew Minchinton ku Vancouver, m'dziko la Canada, linabaya trastuzumab mbewa zokhala ndi zotupa za HER2, kenako n'kudula zotupazo timagawo topyapyala ndi kujambula pamene mankhwala ali. Zithunzi zinaonetsa mawangamawanga. Mbali zina mankhwala anaunjikana mozungulira mitsempha, pamene mbali zina kunali mdima, ngakhale maselo a kumeneko anali ndi HER2 ngati anzawo. Aliyense amene akanangoyeza magazi a mbewazo akanati mankhwala alimo okwanira.

Kuona kunabweretsa nzeru yatsopano. Mankhwala onyamula poizoni ngati T-DM1 saperekedwa ochuluka, chifukwa thupi silingapirire. Poti ndi ochepa, onse amathera pa maselo oyandikana ndi mitsempha, amene amalandira poizoni woposa amene akufunika kuti afe, pamene a mkati salandira kanthu. Gulu la Greg Thurber ku yunivesite ya Michigan linayesa chinthu chooneka ngati chosemphana ndi nzeru: kusakaniza T-DM1 ndi trastuzumab wamba wopanda poizoni. Munthu angaganize kuti wopanda poizoniyo alanda malo a mnzake n'kufooketsa chithandizo. Malo analandadi, koma zotsatira zake zinali zabwino. Tiganize za holo imene aliyense wolowa amakonda kukhala pafupi ndi khomo: mipando ya pakhomo ikadzaza, otsalawo amakakamizika kulowa mkati. Zithunzi za utoto wowala zinaonetsa T-DM1 atafalikira kutali ndi mitsempha, ndipo mu 2018 gululi linalemba kuti mbewa zimene zinalandira msanganizowu zinakhala ndi moyo nthawi yaitali kuposa zimene zinalandira T-DM1 yekha. Poizoni anali wofanana. Chinasintha ndi kumene anafika.

Pali funso linanso lozama. Kuwala m'chotupa kumangotiuza kuti mankhwala alimo. Sikutiuza ngati agwira HER2 kapena angoima m'madzi a pakati pa maselo. Ife ophunzira zauphunzitsi tikulidziwa vutoli: kaundula wa m'kalasi amaonetsa kuti mwana wabwera, koma saonetsa kuti wamva. Margarida Barroso wa ku Albany Medical College ndi Xavier Intes wa ku Rensselaer Polytechnic Institute, m'chigawo cha New York, akhala akugwiritsa ntchito njira yosiyanitsa ziwirizi. Utoto ukaunikidwa umawala kwa kanthawi kochepa kwambiri, pafupifupi gawo limodzi la sekondi itagawidwa magawo 1,000,000,000. Iwo amagawa trastuzumab pawiri, theka n'kumata utoto wina, theka linalo utoto winanso. Ma antibody awiriwa akayandikana kwambiri, osapitirira ma nanomita 10, utoto woyamba umapatsira mphamvu yake kwa wachiwiri n'kuzima msanga kuposa nthawi zonse. Kuyandikana kotere kumachitika kwenikweni pamene onse agwira ma HER2 oyandikana pa selo limodzi. Choncho m'malo moyeza kukula kwa kuwala, kamera imayeza nthawi imene kuwalako kwatenga kuti kuzime, mbewa ili yamoyo, osaidula. Mu 2020 analemba zotsatira za njirayi pa trastuzumab ndi zotupa za khansa ya m'mawere.

Phindu lake n'loonekeratu. Chithandizo chikakanika, dokotala amafunika kudziwa ngati khansa yagonjetsa mankhwala kapena mankhwala sanaipeze. Mayankho awiriwa amafuna zochita zosiyana. Poyamba paja pamafunika kusintha mankhwala. Pachiwiripa mwina mankhwala ndi abwino, chofunika n'kukonza mlingo kapena njira yake.

Kuchoka pa mbewa kufika pa anthu

Ma antibody owala afika kale m'chipinda cha opaleshoni. Chotupa chikapezeka chikadali chaching'ono, dokotala amatha kuchotsa chotupa chokha n'kusiya bere. Koma khansa ndi mnofu wabwino zimafanana m'maso ndi m'manja, ndipo yankho la kulabotale loti m'mphepete mwatsala khansa limabwera patapita masiku, bala litasokedwa kale. Kafukufuku wa ku England amene anatuluka mu 2012, wa amayi oposa 55,000, anapeza kuti mmodzi mwa asanu alionse anachitidwanso opaleshoni ina.

Ku Groningen, m'dziko la Netherlands, Gooitzen van Dam ndi anzake anayamba mu 2011 kuonetsa kuti utoto wolunjika pa khansa ungathe kuunikira dokotala pa opaleshoni, ndipo anayambira pa khansa ya thumba la mazira. Kenako anamata IRDye 800CW pa antibody wotchedwa bevacizumab, amene amagwira puloteni imene zotupa zimatulutsa pofuna kumeretsa mitsempha yatsopano. Anabaya amayi a khansa ya m'mawere mlingo wochepa masiku atatu opaleshoni isanachitike. Zotsatira za amayi 20 zinatuluka mu 2017, ndipo za amayi 26 mu 2018. Zotupa zinawala kuposa mnofu wozungulira, ndipo kamera inatha kuloza m'mphepete mwambiri mmene khansa inafika. Chochititsa chidwi n'chakuti mu 2011 bungwe la FDA linachotsa chilolezo chogwiritsa ntchito bevacizumab pochiza khansa ya m'mawere, poona kuti phindu lake silinkaposa zovuta zake. Amene analephera ngati mankhwala anapeza ntchito ngati nyali. Mu April 2024 bungwe lomweli linavomereza Lumisight, mankhwala owala othandiza pa opaleshoni yosiya bere. Amenewa si antibody, koma akusonyeza kuti kuunika khansa pa tebulo la opaleshoni kwachoka m'buku n'kulowa m'chipatala.

Mafunso a otsutsa

Wina angatifunse kuti zonsezi zikutikhudza bwanji. Kum'mwera kwa Sahara amayi ambiri amapezeka ndi khansa ya m'mawere itakula kale, pamene nkhani yosiya bere palibenso. WHO imati m'mayiko olemera amayi oposa 90 pa 100 alionse amakhala ndi moyo zaka zisanu atapezeka ndi nthendayi, pamene ku South Africa ndi 40 okha. Kusiyana kumeneku sikukuchokera ku kusowa kwa makamera a near-infrared. Kukuchokera ku kuchedwa, mtunda, kuchepa kwa akatswiri oyeza minofu ndi mtengo wa mankhwala. Wofunsayo akunena zoona, ndipo ndalama za boma lathu zikanakhala m'manja mwathu, sitikanayamba ndi kugula kamera.

Koma mtengo womwewo ndi umene ukutipangitsa kusamala za kafukufukuyu. Trastuzumab analowa pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunikira mu 2015. Mu December 2019, pamene bungweli linavomereza koyamba trastuzumab wopangidwa ndi kampani ina, linati mtengo wa mankhwala oyambirirawo unali pafupifupi madola 20,000 pa munthu, ndipo atsopanowo nthawi zambiri amatsika ndi 65 pa 100. Ngakhale atatsika chonchi, ndi ndalama zimene mabanja ambiri kuno sanazigwirepo. Dziko lolemera lingathe kupereka mankhwala kwa miyezi yambiri kwa mayi amene sakumuthandiza, n'kudzazindikira pambuyo pake. Dziko losauka silingakwanitse kutaya botolo ngakhale limodzi, ndipo banja limene lagulitsa munda ndi ng'ombe silingagulitsenso kachiwiri. Chidziwitso chilichonse chothandiza kusankha woyenera kulandira mankhwala, mlingo woyenera ndi nthawi yosiyira, chimapindulira wosauka kuposa wolemera. Ndipo chidziwitso chimayenda popanda kamera. Makina angathe kukhala ku Michigan, koma ngati zimene apeza zidzasintha kaperekedwe ka mankhwala, kusinthako kudzafika m'buku la malangizo limene dokotala wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre amagwiritsa ntchito.

Wina angatinso mbewa si munthu. Zoonadi. Zotupa za mbewa za m'labotale nthawi zambiri zimabzalidwa pansi pa khungu, mwa mbewa zopanda chitetezo chokwanira cha m'thupi, ndipo mankhwala ambiri amene anachiza mbewa analephera mwa anthu. Zimene anapeza ku Michigan n'zolimbikitsa, koma si chilolezo choti munthu ayambe kusakaniza mankhwala. Kuwala kwa near-infrared nako kuli ndi malire: kumalowa mamilimita angapo, mwina mpaka sentimita imodzi. Kungathe kuonetsa chotupa cha mbewa kapena mnofu umene uli poyera pa opaleshoni, koma sikungaone khansa imene yafalikira kuchiwindi kapena m'mafupa. Pamenepo ofufuza amamata pa antibody chitsulo chotulutsa cheza, zirconium-89, n'kujambula ndi makina a PET, monga anachitira ku Groningen komweko mu 2010. Komanso utoto ukamatidwa wambiri umasintha mmene antibody amayendera, chiwindi n'kumuchotsa msanga, moti wofufuza wosasamala angajambule ulendo wa chinthu chosiyana ndi mankhwala enieni. Ndipo amayi 20 kapena 26 ndi ochepa kwambiri kuti titsimikize kuti njirayi imatalikitsa moyo.

Malire amenewa sakutichotsa pa mfundo yathu. Chimene chikutisangalatsa n'chakuti ofufuzawo amawatchula okha, n'kupanga njira zowayezera. Kuchokera pa kwinini wa Herschel kufika pa amayi a ku Groningen panadutsa zaka zoposa 170. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mbali yathu

Owerenga magazini ino ambiri sitidzagwira ntchito m'labotale ya khansa. Koma pali zinthu zimene zili m'manja mwathu.

Choyamba ndi kufunsa. M'bale wathu akapezeka ndi khansa ya m'mawere, tidziwe kuti khansayi ili m'magulu, ndipo gulu lililonse lili ndi mankhwala ake. Si mwano kufunsa dokotala mwaulemu kuti, "Kodi kachidutswa kamene munatenga kanayezedwa HER2 ndi zolandirira mahomoni? Zotsatira zake zikuti chiyani?" Trastuzumab sathandiza chotupa chimene chilibe HER2 yochuluka, ndipo angathe kufooketsa mtima, n'chifukwa chake olandira mankhwalawa amayezedwa mtima kawirikawiri. Banja lisatolere ndalama zogulira mankhwala odula kunja pamene kuyeza kumeneku sikunachitike. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri ndi kukana zozizwitsa za pa WhatsApp. Timalandira mauthenga a masamba, ufa ndi timabotolo timene akuti timapita molunjika kukasungunula chotupa. Ngati asayansi okhala ndi antibody wopangidwira khomo limodzi anafunika zaka zambiri, utoto ndi makamera kuti aone ngati wafika, wogulitsa ufayo anaona ndi chiyani? Funso loti "munaona bwanji?" lingapulumutse ndalama, komanso miyezi imene mayi akanataya chotupa chikukula.

Chachitatu ndi cha ife amene tikukonzekera kukaima patsogolo pa kalasi. Sayansi yathu timaiphunzitsa ngati mndandanda wa mayankho oloweza, pamene nkhani iyi ikuonetsa kuti sayansi imayenda ndi anthu amene anakayikira chinthu chimene aliyense ankachitenga ngati chodziwika. Zipangizo zoyambira sizodula. Lozetsani rimoti ya TV ku kamera ya foni n'kudina batani: pa mafoni ambiri mudzaona kuwala kumene diso silikuona. Tochi ndi chikhatho zikwanira kuonetsa chifukwa chake ofufuza anasankha kuwala kofiira. Mwana wa Fomu 2 amene waona zimenezi wagwira kale mfundo imene ili pansi pa makina a ku Groningen, ndipo dziko lino likufuna ana otere kuti adzakhale akatswiri oyeza minofu.

Chomaliza n'chimene tingachite sabata ino. Mu 2021 WHO inakhazikitsa ndondomeko yofuna kuti amayi osachepera 60 pa 100 azipezeka ndi khansayi ikadali pa siteji yoyamba kapena yachiwiri, kuti kuyeza konse kuzitha m'masiku 60, ndi kuti osachepera 80 pa 100 azimaliza chithandizo. Palibe chimodzi mwa zitatuzi chimene chimayamba ndi makina. Zimayamba ndi mayi amene wamva kachotupa kolimba m'bere, kapena mwanabere m'khwapa, kapena waona nsonga ya bere ikulowa mkati kapena kutulutsa magazi, n'kupeza wina womuuza kuti, "Tiyeni kuchipatala mawa, ndikuperekezani." Zotupa zambiri za m'mawere si khansa, koma chimene chingasiyanitse ndi kuyeza. Zimenezi tikambe ndi amayi athu, azakhali, alongo ndi achemwali, ndipo abambo nawo azimve, chifukwa nthawi zambiri ndalama ya ulendo imachokera kwa iwo.

Ofufuza akulimbana ndi mamilimita omaliza a ulendo wa mankhwala, kuchoka mumtsempha kufika pa selo. Makilomita oyamba, kuchoka pakhomo kufika pachipatala, akudikira ife. Ndipo tsiku lina tikadzakhalanso pambali pa bedi, botolo la diripi litatha, tidzakumbuke kufunsa dokotala kuti chotupacho chikusonyeza chiyani, ndi kuti adzachiyezanso liti.